Tsiku Limene Ndinanenepa ku Joni

Ana inu, adzukulu anga, nthanga zanga zomera bwino, mumandiseka. Ndimakumvani. Mumati agogo ndi nsungwi, agogo akatuluka kuli mphepo tiziwagwira chitenje angauluke. Sekani, sekani, mano akadalipo. Koma dziwani lero kuti ine gogo wanu ndinanenepapo. Ee, ndinanenepa, masaya ngati mandasi a m'mawa! Tsiku limodzi lokha, Lachinayi, mumzinda wa Joni.

Izi ndikulemba ndi dzanja langa, zilembo za sukulu ya kwacha. Mukapeza chilembo chagona, chidzutseni. Iwe Tadala, mkazi mnzanga, uwerenge mokweza, foniyo uike pansi, siithawa. Iwe Yamikani, mwamuna wanga wopanda ndevu, usamadule mawu.

Ndinapita ku Joni patangotha zaka zochepa azungu a kumeneko atatsika pampando. Agogo anu aamuna anali atatisiya, munda wathu wa ku Phalombe madzi anali ataukokolola, ndipo makolo anu anali pasukulu, mapazi akukula, nsapato zikukana. Ndinawasiya m'manja mwa amayi anga ndi achimwene anga aakulu, a Lufeyo, eni mbumba yathu. Ine ndinamanga kathumba, ndinapita.

Ntchito ndinaipeza ku Fourways, m'nyumba ya mzungu. Inu mukamva Fourways mumaganiza magetsi okhaokha. Nthawi imeneyo kunali tchire uku, mahatchi uku, nyumba zikumera ngati bowa, iliyonse ndi mpanda wake, pamwamba pa mpandapo waya woluma. Ine ndinkagona kachipinda ka kuseri kwa galaja. Kusesa, kukolopa, kusita, kukwera masitepe, kutsika masitepe, kukweranso chifukwa adona aiwala magalasi. Madzulo kuyendetsa agalu. Ee, mwamva bwino. Kwathu kuno galu amadziyendera yekha, amadziwa njira kuposa iwe. Ku Joni galu ali ndi wantchito, ndipo wantchitoyo ndinali ine.

Ndiye thupi likanakhala pati? Kuonda ndi kwa mtundu wathu, koma masitepe aja anatenganso kanyama kamene ndinabwera nako.

Lachinayi ndilo linali tsiku lathu ife antchito a m'nyumba. Lachinayi unkavula yunifomu, unkavala diresi lako, unkakhala munthu wa dzina lako. Ndinkadzuka ndikuimba:

Lachinayi, Lachinayi,
mbale zidzitsuke zokha!
Lachinayi, Lachinayi,
galu adziyendetse yekha!

Tinkakumana m'tauni, pa Joubert Park, pansi pa mtengo wina umene Amalawi tinaulanda popanda kupempha. Pamenepo ndi pamene pankabwera Che Saidi, Myao wa ku Machinga, bambo wa kapu yoyera ndi ndevu zosamalidwa. Iwo ankayendetsa galimoto yokoka ngolo, kunyamula katundu wa anthu kupita naye kumudzi: njinga, mabulangete, mapoto, mawailesi. Ankanyamulanso mawu. Mafoni a m'manja anali a mabwana, kumudzi kunalibe ndi imodzi yomwe. Ife osadziwa kulemba tinkalankhula mu kaseti. Umatseka chitseko, umadina batani lofiira, umapereka moni kwa mudzi wonse nyumba ndi nyumba, ukaiwala azakhali amodzi ndiye kuti wayambitsa mlandu. Kaseti ija inkapita ndi Che Saidi, inkabwera ndi Che Saidi.

Tsono tamverani mmene mavuto anayambira. M'nyengo yozizira, kuzizira kwa ku Joni kolowa m'mafupa, mnyamata wina wa m'mudzi mwathu anandiona pa Park Station nditafunda bulangete, ndikukhosomola chimfine wamba. Sanandipatse ndi moni womwe. Anakwera basi, anafika kumudzi, anati: "A Esinati atha. Mafupa okhaokha. Akungodikira tsiku."

Musaseke pamenepa, ana inu. Zaka zimenezo kaliwondewonde anali atalowa m'midzi. Maliro lero, maliro mawa, makasu osauma dothi. Munthu ukaonda pang'ono, anthu ankakupatsa moni wachifundo, uku maso akukuyeza kutalika.

Che Saidi atabwera ulendo wotsatira anandipatsa kaseti. Ndinakaimvera m'kachipinda kanga. Munalibe moni wa azakhali, munalibe nyimbo za ana. Mawu a achimwene okha, olemera ngati mtondo.

"Achemwali, ndine Lufeyo. Tamva. Musabise. Munthu safera kwa eni ngati nkhuku yosochera. Mubwere kuno mudzagone pamphasa ya kwanu. Mwana wanu wamkazi timuchotsa sukulu kuti adzakusamaleni, mnyamatayo ayambe kupita kudimba. Ngati zimene tamvazi ndi zabodza, tionetseni nkhope. Che Saidi akamabwera, abwere ndi chithunzi chanu kapena abwere ndi inuyo. Ndatha ine mlongo wanu."

Mwana wamkaziyo ndi amayi ako, Tadala. Mnyamatayo ndi abambo ako, Yamikani. Ndipo mawu a mwini mbumba masiku amenewo sankabwezedwa ndi kaseti. Ukanati "ndili bwino," akanati odwala onse amatero. Pankafunika nkhope, ndipo nkhope yake yonona.

Inu lero mumajambula mbale ya chipisi, mumajambula phazi, mphuno ikatuluka moipa mumafufuta n'kujambulanso. Ife chithunzi chinali ngati ukwati wa kutchalitchi. Chikatuluka, chatuluka.

Che Saidi anati anyamuka pakatha milungu ingapo. Ndinayamba ntchito yonenepa. Majarini ndinkadya ndi supuni. Chiponde ndinkamata pa buledi mpaka buledi kulira. Tiyi shuga wake supuni kuima. Zonsezo zinkangolowa ngati madzi m'dengu. Ndikadzitsina tsaya, chikopa chokha.

Loweruka lomaliza, adona anachita phwando. Pakati pa tebulo panali mbale yaikulu ya tizilombo ta m'nyanja ya mchere, amati mapuloni. Tofiira, topindika, ndevu zazitali, ngati bwanoni wothothoka mapiko. Abwana, amuna awo a adona, ankatikonda kwambiri, ndipo abwanawo mimba yawo inkalowa pakhomo iwo akadali panja. Ndinayang'ana tizilombo, ndinayang'ana mimba, ndinati: Esinati, mankhwala aja ndi awa.

Alendo atapita tinatsala tambiri. Adona anati, "Tenga, Esinati, titha kuonongeka." Kuonongeka? Ine mwana wa kufupi ndi Chilwa, wokulira pa matemba? Kwathu nsomba sionongeka, imafutsidwa. Ndipo ndiwo yabwino sudya tsiku wamba, umasungira tsiku lalikulu. Ndinatiwiritsa ndi mchere, ndinakwera pampando, ndinatiyanika pa malata a kachipinda kanga, mwadongosolo, mizeremizere.

Lolemba mphaka wa adona anasamukira padenga. Ndinkasita uku ndikuponya timiyala. Lachiwiri kunagwa mvula yamabingu ija ya ku Joni yobwera osagogoda, ndinathamanga kukaanula, ndinayanikanso. Lachitatu adona anayamba kuyenda kuseri kwa nyumba mphuno ili m'mwamba.

"Esinati, kwafa khoswe kuno?"

"Mwina ndi kwa aneba, adona."

Anaitana munthu wa mapaipi. Anatsegula apa, anatsegula apo, sanapeze kanthu. Mzungu sayang'ana padenga la wantchito.

Lachinayi linacha bwino, kumwamba kuli mbee. Limeneli linali tsiku lomaliza: Che Saidi akhala pamtengo paja mpaka nthawi ya swala, pemphero lawo la Chisilamu la masana, kenako apita ku Fordsburg kukaswali ndi kukamanga katundu, mawa lake mbandakucha ali pamsewu. Ine ndinali nditalikonza tsikulo ngati ukwati. Choyamba chithunzi. Kenako nkhuku ndi chipisi, kudya nditakhala pampando, wina akunditsukira mbale. Kenako ku Fordsburg kwa Amwenye, kukagwiragwira nsalu zimene sindikanagula, kukadya samusa woyabwa lilime. Ndinakazinga mapuloni anga ndi matimati ndi anyezi, ndinadyera mpunga. Kukoma kwake, ana inu, sindinama, kunali ngati matemba amene anapita kusukulu. Ndinadya, ndinadyanso. Otsala ndinaika m'kachitini ka majarini kuti ndikamugawire mnzanga. Ndinavala diresi langa la maluwa achikasu, duku watsopano, nsapato zogogoda. Ndinatuluka pageti ndikuimba.

Pamsewu ndinaloza chala kumwamba, ndiko kuimitsa kwake tekisi yopita m'tauni, imene kuno timati minibasi. Ndinakhala pakati pa amayi awiri a Chizulu, onenepa mwaulemu, ine ngati ndodo pakati pa maungu.

Tisanapite patali, zikhatho zinayamba kuyabwa. Ndinati ndi mwayi ukubwera. Kenako makutu. Kenako m'khosi, m'khwapa, pamsana, kumene dzanja silifika. Ana inu, munagonapo pa chitedze? Ndinayamba kudzikhula pampando ngati mbuzi pa chipupa. Mayi wa kumanja anasendera uko. Mayi wa kumanzere anasendera uko. Kwa nthawi yoyamba chifikireni ku Joni, ndinali ndi malo okwanira mu tekisi.

Milomo ndinkaimva ngati ya munthu wina. Ndinafuna kuuza dalaivala kuti nditsika pa loboti, pakamwa panangotuluka "bububu." Mwamwayi tekisi inkathera komweko.

Pa Joubert Park zonse zinali m'malo mwake. Nyumba zosanjikizana zitazungulira, zovala zili lendelende m'mawindo. Amayi akuotcha chimanga, madoda akusewera bawo la azungu la zidole zofika m'bondo, ojambula zithunzi aliyense pakona pake ndi kamera pakhosi. Ndipo pachipata panali mnzanga wa pamtima, Amake Taonga, Mzambiya wa ku Chipata amene ankagwira ntchito m'nyumba ina kufupi ndi kwathu. Mkazi wamfupi, wa mawu ngati belu la sukulu.

Ndinamukodola. Anandiyang'ana, anayang'ana kumbali. Ndinamugwira mkono. Anakumbatira chikwama chake.

"Mufuna chani, amai?"

"Bibe," ndinatero ine, kufuna kunena kuti ndine.

Anayang'ana diresi la maluwa achikasu, limene tinakagula limodzi. Anayang'ana nsapato. Anakweza maso pang'onopang'ono.

"Esinati? Mayo ine! Iwe, kumenso wachita bwanji? Zakuluma njuchi? Wamenyewa? Nindani wakumenya, tiyende nimuone!"

Ndinafuna kuyankha, koma m'mimba munagunda bingu. Ndinangothamangira ku maluwa a boma. Zimene zinachitika kumeneko maluwawo ndi amene angafotokoze. Nditaweramuka, maso anali atatsala ting'onoting'ono ngati pobowola singano, ndipo mpweya unkalowa ukuimba likhweru.

"Tiyende ku kiliniki manje manje," anatero Amake Taonga.

Ndinapukusa mutu. Ndinaloza ojambula. Ndinaloza mtengo wa Che Saidi. Komanso ndinali ndi mantha ena. Chidindo cha m'pasipoti mwanga chinali chitatha mphamvu kalekale, ndipo tinkauzana kuti ukalowa pakhomo lililonse la boma, ukangotsegula pakamwa n'kumveka kuti ndiwe wobwera, umatulukira khomo lina uli m'galimoto ya apolisi.

"Chithunzi? Ufuna chithunzi cha pa bokosi? Iwe uzafa, mwandi! Nizakamba chani kuli bana bako?"

Sanadikire yankho. Anandikoka ngati mbuzi yopita kumsika, nsapato zanga zikugogoda mosagwirizana, mpaka pa kachipatala kena kapafupi ndi pakiyo. Panali mzere wautali. Amake Taonga sanauone mzerewo. Anangolowa akukuwa, anthu anapatuka okha atandiona nkhope.

Nesi wake anali mayi wa Chizulu, wamkulu thupi, magalasi ali pamphuno. "Hawu, mama!" Anandikhazika pansi, anandifunsa dzina, anandifunsa kochokera. Milomo yotupa ija inandipulumutsa, chifukwa "bububu" alibe dziko. Amake Taonga ankayankha zonse m'Chizulu chake chothyokathyoka. Kenako nesi anafunsa chimene ndadya. Mnzanga sankadziwa. Ine ndinapisa m'chikwama, ndinatulutsa kachitini ka majarini, ndinatsegula.

Nesi anabwerera m'mbuyo. Mwana amene ankalira pabenchi anasiya kulira. Bambo wina wa bandeji kumutu anatuluka panja.

Nesi anatola kamodzi ndi kachitsulo, anakayang'anitsitsa pawindo.

"Mapuloni? Mapuloni ouma? Anaumitsa ndani?"

Ndinadziloza pachifuwa. Ndinaloza kudenga. Ndinaonetsa ndi manja mmene dzuwa limawombera.

Mayi uja anaseka mpaka magalasi kugwa, koma akuseka choncho manja ake ankathamanga. Jakisoni pantchafu, phaa! Mapiritsi. Anandigoneka pa kabedi kuseri kwa katani, anaika khutu lake pafupi ndi pakamwa panga kumvera mpweya. Anauza Amake Taonga kuti tizilomboto timawenga anthu ena, ndipo tikanachedwa pang'ono khosi likanatsekeka. Anati ndisadzadyenso, touma kapena tatiwisi, mpaka kufa. Za mapepala sanafunse. Anangofuna kudziwa ngati ndikupuma. Kachitini kaja anakazungulira nako chipatala chonse kuonetsa anzake, ndinkangomva kuseka chipinda ndi chipinda.

Ndiye ndinagona pamenepo, ana inu, Lachinayi langa likudutsa pawindo. Ndinkamva matekisi akuimba mahutala, ogulitsa akuitanira, fungo la chipisi likulowa kudzandizonda. Anthu onse a mu Joni ankadya tsiku langa, ine ndili chagada ndi diresi la maluwa. Ndikati ndidzuke, nesi ankangokweza chala. Ndinaganiza za amayi ako, Tadala, mmene ankakondera sukulu, mpaka kugona ndi yunifomu pansi pa mphasa kuti iwongoke. Ndinaganiza akuivula kuti azikandiphikira phala ine wosadwala. Ndinalira, koma misozi inkasowa potulukira.

Amake Taonga anakhala pambali panga akudya chimanga chootcha.

"Lila chabe, mwina uzaphwa," anatero.

Dzuwa litapendeka nesi anandimasula. Kuyabwa kunali kutatha, mpweya ukuyenda, maso atatseguka, milomo itabwerera theka, moti mawu ankamveka. Ndinati, basi, zalephereka. Ndikawauze Che Saidi kuti chithunzi palibe, andisungire malo pakati pa njinga ndi mapoto.

Tinawapeza akupinda kale chikwama chawo cha makaseti ndi makalata, akuyang'ana wotchi. Ndinaima patsogolo pawo. Anandigwadira pang'ono mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, mayi? Muli ndi katundu wopita kumudzi? Mufulumire, ine nthawi ya swala yandithera. Ndimangodikira mayi wina wa ku Phalombe, woonda kwambiri, wosauka thupi. Mwina mwamuona? Ndikuopa kuti mwina wagwa penapake."

Amake Taonga anakhala pansi pa udzu, anagwira m'mimba ndi kuseka.

"Che Saidi," ndinatero, "ndine."

Bambo uja anavula kapu, anaivalanso.

"Esinati? Subuhana! Mlungu wathawu munali ngati chingwe cha njinga!"

Pamenepo m'mutu mwanga munayaka kanthu. Chitulukireni ku Fourways ndinali ndisanadzione. Ndinapita kwa wojambula wapafupi, bambo wa Chizulu wa chipewa cha chikopa, ndinabwereka kagalasi kamene ankasungira makasitomala. Ndinayang'ana.

Ana inu! M'galasimo munali mkazi wa mwini chigayo. Masaya odzaza, osalala, owala ngati opaka mafuta. Chibwano chachiwiri chili pansi pa choyamba. Maso aang'ono a munthu wokhuta amene safuna kuvutitsidwa. Makwinya onse a masitepe atafufutika. Nkhope imene ndinaifuna ndi majarini milungu yonse ija inali itabwera yokha, ndipo inali kale pa ulendo wobwerera.

Ndinayamba kuseka, masaya akukana kugwedezeka.

"Amake Taonga, dzuka! Vula juzi!"

Mnzanga anamva msanga. Anavula juzi lake, ndinavala mkati mwa diresi. Anamasula chitenje chake, anandikulunga m'chiuno. Amayi ena a pamtengo paja, a ku Mangochi, a ku Mzimba, atamva nkhani anayamba kuponya zawo. Uyu chitenje, uyu thawulo la mwana, uyu mpango wokulunga m'khosi kubisa zidzolo. Anandimanga, anandisanja, anandifutukula, diresi la maluwa mpaka mabatani kupempha chifundo. Ndinalowa m'pakimo ndili nsungwi, tsopano ndinali nkhokwe ya chaka chabwino.

Che Saidi ankangopukusa mutu.

"Mayi, ine ndimanyamula njinga, ndimanyamula mapoto. Bodza sindinyamula."

"Che Saidi, nkhopeyi ndi ya ndani?"

"Ndi yanu."

"Ndabwereka kwa munthu?"

"Ayi."

"Nanga ine ndikufa?"

"M'mawa mwina. Panopa sindikuona choncho."

"Ndiye mukangopereka chithunzi, pakamwa mutseke."

"Nanga a Lufeyo akandifunsa kuti munamuona bwanji?"

"Mukanene zoona zokhazokha. Mukanene kuti ndinaima patsogolo panu ndipo simunandizindikire."

Anakanda ndevu nthawi yaitali. Kenako anati, "Zimenezo zinachitikadi," n'kuyang'ananso wotchi.

Wojambula anandikhazika pampando patsogolo pa maluwa, osati aja ndinawachezera m'mawa, ena. Anali ndi foni ya m'nyumba yofiira, chingwe chake chongolowa m'tchire, yoti anthu azigwira pojambulitsa kuti kumudzi aziti ali pa ofesi. Ndinaigwira, ndinaika kukhutu. Anati ndiseke. Ndinayesa, nkhope inakana. Anati ndiyesenso. Amake Taonga anati, "Musiyeni, bolemela sibaseka." Thwa!

Chinali chithunzi cha pompopompo, chotuluka m'kamera momwemo. Wojambula uja anachikupiza mumphepo, tonse titaunjikana. Poyamba mbuu. Kenako maluwa. Kenako foni. Kenako mwezi wathunthu unatuluka utavala duku. Amayi aja anaimba nthungululu mpaka nkhunda za m'paki kuuluka, ine ndikuvina ndi zitenje za eni:

Wanenepa, wanenepa,
mwana wa ku Phalombe wanenepa!
Sanalime, sanakolole,
wangodzuka wanenepa!

Che Saidi anaika chithunzi m'thumba la malaya, anathamangira ku Fordsburg. Ine nkhuku sindinadye, samusa sindinamuone, nsalu za Amwenye sizinagwiridwe. Ndinabweza zitenje, ndinakwera tekisi, ndinakagona ndi madzi a mchere ndi shuga. Mmene linkafika Loweruka nkhope inali itaphwa ngati chibaluni cha phwando latha. Adona anandiyang'ana n'kunena kuti ndikuoneka wotopa, ndizipuma bwino Lachinayi.

Kudikira kunali kowawa kuposa kuyabwa. Mlungu unatha, wina unatha. Ndikakolopa ndinkaona achimwene atagwira chithunzi, akuchitembenuza, akuti uyu si mlongo wanga.

Che Saidi anabwera mvula itakhazikika. Pamtengo paja anandipatsa kaseti, ndipo mayi wina anali ndi wailesi, tinaimvera pomwepo. Itangoyamba, nthungululu! Azakhali onse, nyumba ndi nyumba. Ana akuimba. Kenako achimwene, mawu atapepuka ngati a mnyamata.

"Achemwali, taona. Pepani, tinamvera za m'maluwa. Mnyamata wabodza uja walipa nkhuku. Che Saidi atiuza kuti ngakhale iwo sanakuzindikireni. Chithunzi chayenda mudzi wonse, panopa chili kwa abusa. Ana akupita kusukulu, musadandaule. Koma achemwali, mafutawo muchepetseko, mungadzakanike kulowa pakhomo la amayi. Ndiponso poti muli ndi foni, mutiuze nambala."

Tinaseka mpaka kugwirana. Koma Che Saidi sanachoke. Anadikira phokoso lithe, anandiitanira pambali.

"Pali mawu ena. Amayi anu anakana kuwaika mu kaseti, anati kaseti ilibe chinsinsi. Anandiperekeza mpaka pagalimoto, ndi ndodo yawo, anandiuza kuti ndiwasunge m'mutu."

Ndinasendera pafupi.

"Anati: ukamuuze Esinati kuti ena onse anayang'ana masaya, ine ndinayang'ana dzanja logwira foni. Kamkono kameneko ndinakabala ine, sikanasinthe. Munthu sanenepa mutu wokha ngati mbululu. Chimene anachita ndi nkhopeyo sindikuchidziwa, ndipo asadzachitenso. Koma maso ake ndawaona, si a munthu wodwala, ndi a mwana wanga akamachita zamwano. Lufeyo sindimuuza. Akhale konko, ana aphunzire. Koma azidya."

Ndinakhala pansi pa udzu. Ulendo uno misozi inapeza njira.

Amayi anga anapita nacho chinsinsi chimenecho kumanda, osauza munthu. Koma agogo anu a Lufeyo alipo, makutu akumvabe, ndipo mpaka lero akakhala pa bawo amauza anthu kuti mlongo wawo ku Joni ananenepa mpaka Myao wonyamula katundu kumulonjera ngati mlendo. Amati ndinadzaonda chifukwa chobwerera ku Malawi. Ndiye mukapita kukawaona, akayamba nkhani imeneyo, inu muzigwedeza mutu mwaulemu, muziti, "Eya agogo, tinamva." Amene aseke, ameneyo si mdzukulu wanga.